Kompyuta Yoyera ya Bambo Mhango

Bambo Mhango tidawaperekeza mwezi watha. Maliro adanyamuka ku Area 4 m'mamawa pa lole ya mpingo, ulendo wa kwawo ku Rumphi, ndipo ine ndidatsikira pa Kanengo chifukwa kuntchito adangondipatsa tsiku limodzi. Ndisanatsike, akazi awo, mayi NyaGondwe, adapisa m'chikwama n'kundipatsa envulopu ya kaki yomata bwinobwino, pamwamba pali dzina langa m'zilembo zopendekeka za malemuwo. Envulopuyo idakhala pansi pa Baibulo milungu itatu ndisanaitsegule. Ndinkadziwa chimene ndinkafuna kupezamo, ndipo ndinkaopa kuti mulibe.

Chimene ndinkafunacho ndi nambala imodzi basi: mapazi angati kuchokera pa chikhomo cha simenti cha ku Area 11 kukafika pamene padagona amayi anga. Pa dziko lonse lapansi, munthu amene adailembapo nambalayo anali iwowo. Munthu amene adaitaya ndine.

Ndidawadziwira ku Capital Hill, kumene ndidalowa ntchito yotayipa ndili mtsikana. Iwo anali mkulu wa ku rejisitire, chipinda chosungiramo mafayilo, ndipo tonse tinkawaopa ngakhale sadakalipirepo munthu. Anali aatali, owonda, a miyendo yaitali, moti ukamatsagana nawo pakhonde la ofesi unkachita kuthamanga pang'ono kuti usatsale. Pensulo ankasongola ndi lezala, zinyenyeswa zake n'kuzikulunga m'kapepala. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ati shuga amaitanira nyerere m'mafayilo. Ukawapatsa ntchito yabwino ankangoti yewo, mwa chikwawo, osakweza mutu. Ukawapatsa yolakwika ankakweza mutu, ndipo zimenezo zinali zokwanira kukuwonongera tsiku.

Anali ndi malamulo awo awiri amene ankatibwerezera mpaka ife atsikana tinkawayeseza kuseri. Loyamba linali lakuti kalaliki salemba chimene sadachione ndi maso ake. Lachiwiri linali lakuti kope, pepala lachiwiri lija limatsalira pansi pa kaboni, siligona nyumba imodzi ndi pepala lenileni, chifukwa moto ukabwera sufunsa kuti wamkulu ndani.

Lilongwe sadamukonde mpaka kufa. Ankadandaulabe za Zomba, ati kumeneko ukatopa ndi mapepala umakweza maso n'kuona phiri, pamene kuno umaona fumbi ndi msewu wopita ku msewu wina. Nthawi imene maofesi ankasamukira kuno, iwo adakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Adakwera kumbuyo kwa lole, pamwamba pa mabokosi a mafayilo, atagwira lona ndi manja awiri kuyambira ku Zomba mpaka kuno, ndipo adafika ali ofiira ndi fumbi mpaka m'makutu. Anzawo adawaseka chaka chathunthu. Iwo ankangoyankha kuti palibe fayilo idauluka.

Koma ulendo wa pa lolewo sunali wawo woyamba kubwera kuno. Zimenezi ndidazidziwa nditagwira nawo ntchito zaka zingapo. Tsiku lina adandiitanira m'chipinda mwawo, n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita ndi munthu wamkazi.

"A Nabanda, paja mudati kwanu ndi kwa Kaphulika?"

"Eya bambo, koma mudziwo kulibenso."

"Ndikudziwa," adatero. "Ndidauwerenga ndine. Amayi anu anali Esinati Naphiri?"

Ndidakhala pampando popanda kuuzidwa kuti khalani.

Mudzi wathu unali pamene pali Area 11 lero. Likulu lisanamangidwe, kudabwera anthu a mafomu kudzawerenga nyumba, nkhokwe ndi mitengo ya mango, kenaka adatisamutsira kutali, kuseri kwa Lumbadzi. Ine n'kuti ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi atagona m'manda zaka ziwiri. Manda aakulu a mudzi, a msitu aja, sadawakhudze, ndipo mpaka lero mitengo yake ilipo pakati pa mipanda. Koma ife a tchalitchi tinkaika maliro athu patokha, kuseri kwa katchalitchi ka udzu, pa mtetete popanda mtengo waukulu ndi umodzi womwe, mitumbira yokha ndi nkhadze zobzala kumutu. Woyendetsa chigalimoto chosalaza malo sadaone chomuopsa. Abambo anga atabwererako patapita zaka ziwiri adapeza misewu ya phula, mipanda ndi agalu, ndipo adazungulira tsiku lonse osadziwa poima.

A Mhango anali mmodzi wa anthu a mafomu aja, kalaliki wamng'ono wobwerekedwa kuchokera ku Zomba kwa chilimwe chimodzi. Adandiuza kuti fomuyo inali ndi danga la chilichonse, ngakhale khola la nkhunda, koma la akufa munalibe. Adafunsa mkulu wawo, ndipo mkuluyo adati zimene zilibe danga sizilembedwa. Ndiye iwo adagula kabuku kachikuto chakuda ndi ndalama zawo. Adapempha mkulu wa mpingo wa pamudzipo kuti awatchulire manda onse, mmodzimmodzi. Adaima pa chikhomo cha simenti chimene opima malo adakhoma pafupi, n'kuyenda kupita pa mtumbira uliwonse akuwerenga mapazi, n'kubwereranso pa chikhomo. Manda makumi atatu ndi amodzi, maulendo makumi atatu ndi umodzi. Kabukuko adakasunga zaka pafupifupi makumi awiri osauza munthu, kupatula akazi awo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindidangoti bambo, ndilembereni papepala ndikapatse abambo anga. Ndidatero. Adakana. Inu amene mudabadwa makoma atasiya kumva simungazimvetse. Pa manda aja tsopano panali nyumba za anthu akuluakulu, ndipo kabuku konena kuti bwana wakutiwakuti amagona pamwamba pa akufa sikanali kabuku wamba. Masiku amenewo anthu a kumpoto m'maofesi ankayang'anidwa ndi diso lina. Mnansi wawo wina adatengedwa chifukwa cha kalata imene adalembera mchimwene wake, ndipo adabwerako patapita zaka, alibe mano akutsogolo. A Mhango ankati pepala lili ndi miyendo. Ukalilemba lero, mawa ulipeza lakhala pa tebulo la munthu amene sukumudziwa.

Mayi NyaGondwe ndi amene adatopa nazo. A Mhango atangopuma ntchito n'kusamukira ku kanyumba kawo ka ku Area 4, mayiwo adanena mosabisa kuti kabukuko katuluke m'nyumba, apo ayi iwo atenga ana n'kubwerera ku Rumphi. Apa ndi pamene nkhani ya kompyuta idayambira. Makinawa n'kuti atangoyamba kulowa m'maofesi, ndipo a Mhango adaona kuti zimene zili m'kabuku konse zingakwane m'disiketi imodzi, kachimbale kapulasitiki kamakona anayi kolowa m'thumba la shati. Munthu wofufuza m'nyumba akatsegula kabuku amawerenga pomwepo. Akatola disiketi amangoitembenuza.

Makina oti agule analipo a mitundu iwiri, ndipo ife tinkangoti yakuda ndi yoyera, malinga ndi galasi lake. Yakuda inali ngati za m'maofesi mwathu: bokosi lalikulu pansi, galasi lakuda pamwamba, zilembo zobiriwira. Inkafuna kuti uloweze malamulo ake pamtima, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi inkangokuyang'ana. Inkagulitsidwa m'sitolo ina ku Old Town. Yoyera inali ya mayi wina wachizungu wa ku Area 11 amene ankabwerera kwawo ndipo ankagulitsa katundu wa m'nyumba. Inali kabokosi kamodzi kokha, galasi lake loyera ngati pepala, ndipo inali ndi kanthu ka mchira kamene unkakankha patebulo kuti uloze chimene ukufuna. Kanthuko dzina lake mbewa. A Mhango, amene zaka zonse ankatiseka Achewafe kuti timadya mbewa, adandichenjeza kuti ndikadzabwera kwawo ndizibwera nditadya kale.

Munthu wina akadasankha tsiku lomwelo. Iwo adatenga miyezi itatu. Adatenga pepala lalikulu, n'kujambula mzere pakati ndi rula, uku yakuda, uku yoyera, ndipo ankayenda nalo m'thumba la jekete. Adakaona yakuda kusitolo kanayi, mpaka mwini sitolo adasiya kuwapatsa mpando. Adakaona yoyera katatu, mzungu uja akulongedza mbale. Ankafunsa mafunso a kalaliki: magetsi akathima pakati pa ntchito chimatsala n'chiyani, fumbi la Okutobala imapirira bwanji, ikadwala amaichiza ndani. Ine ankandifunsa Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ndipo Lamlungu lililonse ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti gulani yakuda bambo, ndi imene ndimaidziwa, ndi imene ili paliponse.

Amene adakangana nawo kwambiri anali a Jumbe, wokonza mawailesi ndi makina otayipira pafupi ndi msika wa ku Old Town, amene n'kuti atayamba kutsegulanso makompyuta. Awiriwa ankagwirizana pa chilichonse kupatula ichi. A Jumbe ankati yakuda zipangizo zake zili mbwee, makina osindikizira ake ali mu ofesi iliyonse, disiketi yake ungapite nayo ku City Centre, ku Blantyre, kulikonse, itseguka. Yoyera ankavomereza kuti ndi yokongola, yosavuta, ngakhale gogo angaiphunzire, ndipo imatha kujambula mapu, chimene yakuda ya m'sitolo ija sinkatha.

"Koma achimwene," adatero a Jumbe tsiku lina ine ndilipo, "mukufuna kukwatira mkazi wopanda abale. Akadzadwala adzabwera ndani?"

"Wa abale ambiri nayenso," adayankha a Mhango, "za m'nyumba mwanu zimamveka mudzi wonse."

Tsiku limene adasankha ine kunalibe, ndidamva kwa a Jumbe patapita zaka. A Mhango adabwereka disiketi ya mzungu uja n'kupita nayo ku kashopu kawo. A Jumbe adailowetsa m'kompyuta yakuda kuti awaonetse poyera kupusa kwa maganizo awo. Yakudayo idalira pang'ono, n'kukana kuiwerenga. Adayesa ina, nayonso idakana. A Jumbe adaseka, n'kunena kuti mwaona, Lilongwe yense palibe makina angatsegule chimenechi. A Mhango adatulutsa pepala lawo lija, n'kulemba mzere umodzi, osati kumbali ya zoipa koma ya zabwino. Mawa lake adakatenga yoyera pa takisi, ataifunditsa bulangete ngati wodwala.

Adatayipa ndi zala ziwiri, miyezi iwiri, patebulo la pabalaza makatani ali chotseka masana. Adajambulanso mapu ndi mbewa ija, chikhomo pakati, timitanda makumi atatu ndi kamodzi. Atamaliza adandiitana Loweruka lina masana kuti tikafananize monga tinkachitira ku ofesi: wina awerenge mokweza pepala loyamba, wina atsatire ndi chala pa latsopano. Iwo adagwira kabuku, ine galasi. Pa mzere wa khumi ndi chisanu ndi chinayi adawerenga dzina la amayi anga, kenaka adati kuyang'ana kotulukira dzuwa, kenaka nambala. Mawu awo sadasinthe. Ine chala ndidachikanikiza mpaka chidasiya chizindikiro pagalasi, ndipo iwo adadikira, n'kupukuta ndi mpango, n'kupitiriza mzere wotsatira.

Titamaliza, mayi NyaGondwe adabweretsa mbaula. A Mhango adang'amba kabukuko tsamba limodzilimodzi, n'kumaponya pamakala. Chikuto chidavuta kupsa. Ndidatola cholembera kuti ndilembe nambala ija padzanja, iwo n'kundiyang'ana, ine n'kuchibweza. Kenaka adatulutsa disiketi m'makinamo n'kundipatsa.

"Lenileni lili m'kati mwa makinawa," adatero. "Ili ndi kope. Lamulo mukulidziwa."

Ndidaisunga m'chikuto cha buku langa la nyimbo. Nambala ndidaibwereza mumtima njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo ndidakhulupirira kuti ndaisunga. Kunena zoona sindidalimbikire kwenikweni, chifukwa ndinkati makina saiwala. Abambo anga ndidangowauza kuti malo alipo, alembedwa, tidikire nthawi yabwino. Adati adikira.

Nthawi yabwinoyo idabweradi. Zinthu zidasintha m'dziko, anthu adayamba kulankhula m'minibasi zimene kale ankanong'ona kubafa, ndipo malole adayambanso kubwera kuchokera ku Zomba ndi katundu wa maofesi amene adatsalira kumeneko. A Mhango adati tsopano tisindikize, banja lililonse la kwa Kaphulika lilandire pepala lake. Adayamba kufunsa za makina osindikizira ogwirizana ndi yoyera. Asanawapeze, mvula ya Januwale idabwera ndi mphezi masana ena, ndipo kompyutayo idatulutsa kafungo ka waya wopsa n'kuzima. A Jumbe adaitsegula, adayang'ana m'katimo nthawi yaitali, n'kubwezera zomangira zake mwakachetechete. Sadanene za mkazi wopanda abale, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza.

A Mhango sadatekeseke. Kope linalipo. Adalembera kalata mphwawo wa ku Blantyre, ndipo mphwawoyo adayankha kuti wapeza malo ena osindikizira mabuku amene ali ndi yoyera. Adati apita okha mvula ikatha, mu Epulo, chifukwa disiketi siyenda pa basi yodontha. Adandiuza kuti ndisaisunthe pamene ili, ndipo adabwereza kawiri kuti yoyera ndi yakuda sizilankhulana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero, ine n'kuvomera ndi pakamwa.

Koma mu Febuluwale abambo anga adagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala adayamba kulankhula nafe panja pa wodi. Abambo sankapempha kanthu, ngakhale madzi ankachita kukakamizidwa. Chimodzi chokha ndicho ankabwereza: kuti ndiwakweze galimoto, ndikawaimike pa mpanda, ndiwalozere kuti apa. Ankati safuna kulowa m'bwalo la munthu, angoona ndi maso, kuti akakakumana ndi Esinati asakachite manyazi.

Ku ofesi n'kuti atatibweretsera yakuda yatsopano, yamphamvu, imene anthu ankati imawerenga chilichonse. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Lachiwiri lina, anzanga atapita kokadya, ndidatulutsa disiketi m'buku la nyimbo n'kuilowetsa. Makinawo adalira pang'ono, kenaka adalemba funso m'Chingerezi, lakuti disiketiyi sinakonzedwe, kodi aikonze? Funso limenelo ndinkaliona mlungu uliwonse. Disiketi yatsopano iliyonse yochokera kusitolo inkabwera nalo, ndipo tidaphunzitsidwa kuyankha kuti inde. Padabwera chenjezo lina, lomwenso ndinkaliona mlungu uliwonse, ndipo sindidaliwerenge. Sindidaganize. Chala chidapita chokha, monga chinkapitira pa makina otayipira zaka zonsezo. Kanyali kobiriwira kadayamba kuphethira, ndipo pagalasi manambala adayamba kukwera, khumi, makumi awiri, makumi atatu. Ndidazindikira chimene chikuchitika ali pa makumi asanu. Ndidangokhala, manja pamiyendo, mpaka adafika pa zana. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma changa chimodzi chidasalaza manda makumi atatu ndi amodzi kachiwiri.

Ndidapita kaye kwa a Jumbe. Adaiyesa, adapukusa mutu, adati ili mbee ngati yatsopano. Kenaka ndidayenda wapansi kupita ku Area 4. A Mhango ndidawapeza pakhonde akusongola pensulo. Ndidagwada pansi pa masitepe n'kunena zonse. Adamvetsera mpaka kumapeto, lezala ili m'manja.

"Idakufunsani?" adatero.

"Idandifunsa, bambo."

"Mudayankha chiyani?"

"Ndidati inde."

Adakulunga zinyenyeswa za pensulo m'kapepala, pang'onopang'ono. "Makinawo ndidasankha ndine," adatero. "Kabuku ndidawotcha ndine. Dzukani, a Nabanda, pansipo panyowa." Kenaka adaitana akazi awo kuti andipangire tiyi. Akadandimenya mbama zikadandipepukira. Tiyiyo ndidamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti adatsika bwanji.

Ndidawafunsa ngati akuikumbukira nambala ya amayi. Adati akukumbukira folo ndi seveni, koma sakudziwa kuti idayamba ndi iti. Inenso ndi zomwezo zimene zidatsala m'mutu mwanga: makumi anayi ndi asanu ndi awiri, kapena makumi asanu ndi awiri ndi anayi. Apa ndi pamene tidayambana, ndipo ndi mkangano wokhawo umene ndidakhala nawo ndi bambo amenewa. Ndidawapempha kuti tipite limodzi ndi abambo anga, akaime pa mpanda uliwonse, akaloze paliponse, akanene kuti apa. Abambo akadakhulupirira, chifukwa ankadziwa kuti a Mhango sanama.

"N'chifukwa chake sindingathe," adatero.

"Munthu akufa, bambo. Kodi chingawonongeke n'chiyani?"

"Akaima pa manda a mwana wa eni n'kumalankhula ndi mkazi wawo. Ine ndili pomwepo, ndikudziwa."

"Akufa sadandaula."

"Ine ndidzadandaula."

Ndidawauza mawu amene sindingawalembe onse pano. Ndidati mtima wawo ndi fayilo. Ndidati anthu ngati iwo ndi amene adatisamutsa, ndi mapensulo awo osongoka bwino, ndipo tsopano akufuna kuoneka oyera. Ndikadatha kunama ndekha, kuwakweza abambo pa galimoto n'kukawalozera, koma abambo adati akufuna amve kwa mwini kabuku. Adamwalira mwezi womwewo, masiku awo omaliza akundifunsa ngati a Mhango apeza, ine ndikuyankha kuti akufunafunabe. Pamaliro a abambo, a Mhango adabwera, adakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ine sindidawapatse moni. Ndidakhala zaka ziwiri osaponda ku Area 4. Mkwiyo unali wa ine mwini, koma ndidaukoleka pa iwo chifukwa anali aatali.

Amene adandibweza anali mlonda. Tsiku lina ndidatumidwa kukasiya kalata ku nyumba ina ku Area 11, ndipo mlonda wa pageti, pocheza, adandiuza za agogo ena amisala amene amabwera Lachitatu lililonse. Ati amavala jekete ndi tayi, amaima pakona pafupi ndi ngalande pamene pali kasimenti, amagunditsa zidendene, kenaka amayenda molunjika akuwerenga mpaka mpanda uwaletse. Akatero amalemba m'kapepala, amabwerera pa kasimenti, n'kuyambanso kulowera kwina. Poyamba alonda ankawathamangitsa. Kenaka adawazolowera, mpaka ena ankawasungira madzi akumwa.

Lachitatu lotsatira ndidapempha chilolezo kuntchito n'kupitako. Ndidawaona ali chapatali, akuyenda ndi miyendo yawo yaitali ija m'mbali mwa msewu, milomo ikugwedera. Pambuyo pake adandiuza kuti mwina miyendo ikumbukira zimene mutu wataya. Atandiona sadadabwe. Adangokweza dzanja kuti ndisawasokoneze, adamaliza kuwerenga, adalemba, kenaka adati, "Mwabwera, a Nabanda." Za mawu anga aja sitidazitchulenso, iwo kapena ine.

Adayenda choncho zaka zambiri, mpaka mawondo adakana. Manda ena adawakumbukira ndithu, makamaka a pafupi ndi chikhomo, ndipo mabanja angapo a kwa Kaphulika adalandira mapepala awo olembedwa pamanja. Ine sindinkafunsa za wanga, iwonso sankanena. Kompyuta ina sadagulenso. Ana awo atawabweretsera ya m'manja yopyapyala, adafunsa funso limodzi lokha, ngati imalankhulana ndi zinzake. Atauzidwa kuti masiku ano zonse zimalankhulana, adati zabwino, n'kuibweza m'bokosi. Yoyera ija adaisunga patebulo lomwe lija, yofunditsidwa nsalu yoluka, ndipo mayi NyaGondwe ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse pamodzi ndi wailesi.

Envulopu ija ndidaitsegula Lamlungu lapitali, nditabwera kutchalitchi. Munali pepala limodzi lalikulu, lojambulidwa mizere ndi rula, mizere makumi atatu ndi umodzi. Mayina onse adawakumbukira, palibe limene lidasowa. Ena anali ndi manambala olembedwa ndi inki, kusonyeza kuti adatsimikiza. Ena danga la nambala linali lopanda kanthu. Ndidatsitsa chala mpaka pa mzere wa khumi ndi chisanu ndi chinayi. Esinati Naphiri, ndi inki. Kuyang'ana kotulukira dzuwa, ndi inki. Pa danga la mapazi adalembapo ndi pensulo, n'kufufuta, n'kulembanso, n'kufufutanso, kaya kangati pa zaka zonsezo, mpaka pepala lidatha. Pali kabowo kokwana nsonga ya chala. Nditalikweza pawindo, kuwala kudadutsa.

Ndidalira, ndipo ndidawakwiyiranso pang'ono, chifukwa ngakhale pa imfa akadatha kungosankha imodzi, ine sindikadadziwa. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa akundiwawabe.

Dzulo ndidapita ku Area 4 kukathandiza kulongedza, poti mayi NyaGondwe akukakhala ku Rumphi. Pabalaza patsala tebulo lokha. Yoyera ija ana adaipereka kwa otola zitsulo, ndipo pamene idakhala zaka zonsezo pali kamalo kamakona anayi pamene vanishi sadasuluke. Pakhonde, pa mphako ya njerwa, ndidapeza lezala yadzimbiri ndi timapepala titatu tokulungakulunga.

Kuchoka apo ndidakwera minibasi mpaka ku City Centre, n'kuyenda wapansi kupita ku Area 11. Chikhomo chilipobe pakona, m'mphepete mwa ngalande, msomali wake wachitsulo uli pakati. Kumbuyo kwake kuli kadazi pamene iwo ankaponda, koma udzu wayamba kale kulowererapo. Mlonda wa pageti loyandikana ndi watsopano, sadawaonepo. Ndidaika zidendene pa simenti, n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, n'kuyamba kuwerenga. Makumi anayi ndi asanu ndi awiri adandifikitsa pa kapinga wa kunja kwa mpanda wa njerwa, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Nambala inayo ikadandilowetsa m'kati, kumene ndinkamva mpope ukuthirira maluwa. Ndidaima pamenepo kanthawi, kenaka ndidacheuka kuona mtunda umene ndayenda, ndipo unali waufupi kwambiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikulirira nambala, osaganiza kuti mapazi a m'kabuku aja sanali a munthu aliyense. Anali a miyendo yaitali ija, imene ndinkachita kuithamangira pakhonde la ofesi, ndipo miyendoyo tidaikweza pa lole mwezi watha.